Achemwali anga asiya kulira: atonthola kapena ataya mtima?

Funso: Alamu anga anamwalira miyezi 8 yapitayo, n'kusiya achemwali anga ndi ana atatu. Masiku a maliro analira kwambiri mpaka mawu anasasa. Pano salira. Amangokhala duu pakhonde, geni yawo ya tomato anasiya, nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, ndipo ukawafunsa amati "ndatopa" kapena "ine zanga zinatha." Azakhali akuti tiwasiye, atonthola, chisoni chimatha chokha. Adokotala a pachipatala chathu chaching'ono anati mwina ndi depression, koma amalume akuti amenewo ndi matenda a azungu chifukwa m'Chichewa mulibe dzina lake. Kodi chisoni, kukhumudwa, nkhawa ndi kutaya mtima n'chimodzimodzi? Nanga ineyo ndiziwauza chiyani achemwali angawa? Ndine mayi wa ku Liwonde.

Yankho: Pepani mayi ndi zovuta zimene zinagwa pabanja panu. Ndiyambe ndi yankho lalifupi, kuti ngakhale musafike kumapeto mukhale mutatolapo chofunika. Mawu anayi mwatchulawo ndi osiyana, ndipo zimene mwafotokoza za achemwali anu sizikumveka ngati kutonthola. Munthu wotonthola amasiya kulira n'kuyambanso kudya, kusesa pakhomo, kukalipira ana akamaseweretsa madzi akumwa. Achemwali anu asiya kulira n'kusiyanso zina zonse. Chichewa chili nalo dzina la zimenezo, ndipo amalume anu amalidziwa bwino lomwe: kutaya mtima.

Chisoni ndi mawu amene tonse timathamangira, ndipo ndi otakata. Ndikati ndikumva chisoni, ululu uli mwa ine. Ndikati ndikukumverani chisoni, ululu ndi wanu koma wandifika. Ndikati nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, ndiye kuti aliyense amene aimve imulasa. Kumva, kumvera, kumvetsa: mneni ndi mmodzi yemweyo, tangomutalikitsa pang'ono, ululu wachoka pa munthu mmodzi n'kufalikira mudzi wonse. Onaninso kuti kuwawidwa kwa namfedwa ndi chifundo cha munthu wodzamuona timazitcha dzina limodzi. Tikamati uje alibe chisoni sitikunena kuti ndi wosangalala. Tikunena kuti ndi wouma mtima, za anzake sizimukhudza. Kwa ife chisoni ndi chinthu chogawana, n'chifukwa chake akuluakulu anati maliro n'kulirana. Ndipo sitichita nacho manyazi: ana timawatcha Chisoni, Misozi, Mavuto, Masautso, n'kumawaitana mayina amenewo pamsika popanda wodabwa.

Mawu akuti maliro nawonso ndi olemera. Amachokera ku kulira, koma amanyamula zinthu zitatu nthawi imodzi. Timati tikupita kumaliro, kutanthauza mwambo. Timati maliro anyamuka ku mochale, kapena aikidwa mawa, kutanthauza thupi lenilenilo, popeza kunena kuti mtembo pamaso pa achibale kumamveka kosalemekeza. Timatinso amayi akubuma maliro, kutanthauza kulira komweko. Amene anamasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, atafika pa buku la nyimbo zolirira mzinda wa Yerusalemu anangolitcha Maliro, ndipo aliyense anamva. Kulirako tili nako kwa mitundumitundu. Kubuma ndi kwa pagulu, kokweza, kotchula womwalirayo. Kusisima ndi kwa munthu amene mphamvu zolirira zamuthera. Kubuula kumachokera pansi pa chifuwa. Kuusa moyo kulibe misozi n'komwe. Misozi ikhoza kungolengeza m'maso kapena kutsika chuchuchu. Ngakhale imfayo sitiitchula mwamwano: kwagwa zovuta, atisiya, atsogola, atsikira kulichete. Chiyankhulo chimene chinasiyanitsa zonsezi sichinganenedwe kuti n'chosauka pa zowawa za mumtima.

Chimene ndikufuna muchione bwino n'chakuti chisoni cha imfa chili ndi ndondomeko yake, ndipo woiyendetsa si namfedwa. M'midzi yambiri anthu sayamba kubuma mfumu isanauzidwe. Pamsewu amaika masamba, wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro. Amayi amachezera m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto. Adzukulu amalawirira kumanda. Amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika amafika ndi nyimbo, ufa ndi nkhuni. Chipepeso chimawerengedwa poyera, dzina ndi dzina. Kenako kumeta. Kwa Achewa osunga mwambo pamadzakhala kumeta kachiwiri patapita miyezi, kwa Asilamu sadaka ya tsiku la 40, kwa ambiri masiku ano kumanga chiliza. Mayi wachisilamu wofedwa mwamuna amadziwa kuti nthawi yake yodikira ndi miyezi 4 ndi masiku 10. Ngakhale boma limayenda m'njira yomweyo. Namondwe Freddy atawononga chigawo cha kumwera mu Malichi 2023 linalengeza masiku 14 olira, ndipo a Saulos Chilima ndi anthu ena 8 atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 linalengeza masiku 21. Chisoni chimakhala ndi tsiku loyambira, anthu okuperekeza, komanso tsiku limene abale amati tsopano vulani zakuda.

Za Freddy zomwezo zinaonetsa pamene mawu athu amaperewera. Ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu anthu mazanamazana sanapezeke. Abale awo amati anakokoloka, kapena anasowa. Sangati tinaika maliro, chifukwa panalibe choika. Mayi wotere timutcha namfedwa kapena wodikira? Anthu ngati amenewa, pamodzi ndi anzathu a ku Joni kapena ku Mangalande amene amaonera pa foni maliro a mayi awo, chisoni chawo kawirikawiri chimachedwa kutsika chifukwa sichinadutse pa siwa. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kutaya mtima kulibe ndondomeko iliyonse. Palibe amakauza mfumu, palibe amaika masamba pamsewu, palibe kwaya imabwera. Ndipo nthawi zambiri kumafika pamene anthu onse abalalika: ufa wa chipepeso unatha, achibale akutali anakwera minibasi kalekale, a mpingo ali kumaliro ena. Taganizirani mmene timaunenera mtima. Timaugwira, timaukhazika pansi, timaulimbitsa. Umapsa, umasweka, umawawa, umakhala m'mwamba. Pa zonsezi mtimawo ulipobe, mwiniwake akulimbana nawo. Wosweka mtima akumva ululu, ndipo ululuwo ukusonyeza kuti pali chimene akufunabe. Koma kutaya timataya chinthu chimene taona kuti chilibenso ntchito. Wotaya mtima waleka kudikira. Mumtima mwake watsimikiza kuti palibe chidzasinthe, ndipo ngakhale chitasintha iye sakuchifunanso.

Kutaya chiyembekezo ndi mawu oyandikana nawo, kungoti amamveka kwambiri paguwa, pawailesi ndi m'nyuzipepala. Mayi ali pamtondo simudzamumva kawirikawiri akuti ndataya chiyembekezo. Ngakhale kuti ndataya mtima, mwini vuto sanena pafupipafupi. Timanena ndife oonera, kapena polimbikitsana kuti musataye mtima. Mwiniwake amalankhula timawu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse.

Pa siwa mayi wofedwa amanena zinthu zoopsa. Mayo ine, ndilowera kuti? Mwandisiyira yani anawa? Bwanji osatenga ine? Mlendo wosadziwa mwambo angaganize kuti mayiyu sakufika mawa. Koma amayi omuzungulira sadzidzimuka, ndipo nthawi zambiri akulondola. Amenewo ndi mawu a maliro, ali pamalo pake, akunenedwa mokweza pakati pa anthu amene amugwira m'mapewa. Mawu omwewo akanenedwa patatha miyezi 8, motsitsa, popanda msozi, munthu akuyang'ana pansi, asanduka chinthu china. "Ndatopa." "Ine zanga zinatha." "Ndikungokuvutitsani." "Bola ndikanatsogola ine." "Anawa mudzawaone." "Basi." Makutu athu anazolowera kuyeza ululu ndi kukula kwa mfuu. Wobuma timamuthamangira, wonong'ona timati walimba mtima. Azakhali anu sakulakwa mwadala. Akuwerenga chizindikiro chimene mwambo unawaphunzitsa, choti misozi ikauma ndiye kuti munthu akuchira, ndipo kwa anthu ambiri zimakhaladi choncho. Kwa ena misozi imauma chifukwa munthu wafika posamvanso kanthu.

Pa mawu onsewo, amene ndimawaopa kwambiri ndi "ndatopa," chifukwa ndi mawu amene aliyense amanena madzulo alionse ndipo palibe amawatchera khutu. Mukawamva, funsani modekha kuti mwatopa ndi chiyani achemwali. Akati ndi kulima, ndi ana, ndi ngongole, pali pogwira. Akati ndi zonse, kapena ndi moyo, kapena akangokhala chete, musasinthe nkhani.

Inuyo munalemba kuti amangokhala duu, ndipo munasankha bwino. Chichewa chimatha kujambula munthu wovutika ndi kamawu kamodzi. Ndwii muli kukwiya pang'ono, munthu akufuna mudziwe kuti mwamulakwira. Kakasi ndi kwa kanthawi, munthu atamva chodzidzimutsa. Khuma ndi zyoli ndi za munthu wogwa nkhope, mutu uli pansi, dzanja lili patsaya. Duu ndi munthu amene alipo koma ngati palibe. Agogo athu ankawerenga thupi kwambiri, n'chifukwa chake mwana akagwira tsaya kapena kuika manja kumutu ankamudzudzula kuti akuitana maliro. Palinso mawu akuti kugwa mphwayi, pamene munthu sakuonanso chifukwa choyambira chilichonse. Chenjerani nawo, chifukwa mphwayi ndi ulesi anthu amazisokoneza msanga. Pakapita miyezi ina ingapo mudzayamba kumva akuchimuna kapena oyandikana nawo akuti mayi uja ndi waulesi, geni anasiya, ana akuyenda ndi litsiro. Munthu amene ankadzuka m'mamawa kukapikula tomato sasanduka waulesi chifukwa mwamuna wamwalira.

Kukhumudwa ndi nkhani ina. Tanthauzo lake loyamba ndi la phazi: munthu amakhumudwa pa mwala kapena pa chitsa, ndipo m'Baibulo chokhumudwitsa ndi chinthu chogwetsa munthu panjira. Choncho kukhumudwa kumakhala ndi chochititsa chooneka, kawirikawiri munthu kapena lonjezo losakwaniritsidwa. Mwana walephera mayeso a fomu 4, mnzako sanakubwezere ndalama, timu yagonja. Wokhumudwa amadzandira n'kupitiriza ulendo. N'chifukwa chake mawu akuti matenda okhumudwa, amene ena amagwiritsa ntchito pawailesi ndi m'mabuku a zaumoyo pofuna kutchula depression, ine sandikhutiritsa. Mukauza azakhali kuti achemwali akudwala matenda okhumudwa, funso lawo loyamba lidzakhala lakuti wawakhumudwitsa ndani, ndipo pofika madzulo mlandu ukhala uli pa apongozi.

Nkhawa imayang'ana kutsogolo, pa chimene sichinachitike: fizi ya teremu ikubwerayi, lendi, mvula ikachedwa. Chisoni chimayang'ana chimene chatayika kale. Mayi wamasiye amakhala nazo zonse ziwiri, koma wankhawa amagona akuwerengera, kutanthauza kuti mawa akuliganizirabe. Kudandaula ndi kutulutsa pakamwa chimene chikukuvuta, ndipo munthu akamadandaula ine mtima umakhalako pansi, popeza wodandaula akukhulupirira kuti womumvera angachitepo kanthu.

Pali gulu lina la mawu amene amamveka ngati kutaya mtima koma sanafikepo. Ndathedwa nzeru. Ndasowa mtengo wogwira. Ndagwira njakata. Madzi afika m'khosi. Onsewa akunena za munthu amene njira zamutsekera koma akufunabe kutuluka. Mukamupezera ka mpamba, kapena mukamuperekeza kwa woyenera, nkhope imasintha tsiku lomwelo. Ndikutchula zimenezi chifukwa kutaya mtima kwa amayi ambiri amasiye kumayambira pamenepa. Fufuzani mwakachetechete: kodi nyumba, munda, njinga, ndalama za kuntchito kwa malemu zili m'manja mwa ndani? Kodi pali amene anawauza kuti imfayi akuidziwa ndi iwo? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana a womwalira, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ku ofesi ya DC, ku Victim Support Unit ya apolisi ndi ku Legal Aid Bureau amathandiza pa nkhani zotere. Ngati chikudya achemwali anu ndi munda wolandidwa, mawu okoma okha sangawadzutse.

Tsopano za amalume. Mfundo yawo ndi yakuti chopanda dzina m'Chichewa kulibe. Afunseni mwaulemu ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, ndiponso kuti agogo awo ankawatcha chiyani matenda amenewo. Mayina tinabwereka, koma anthu ankadwala ndi kufa nawo dzina lisanabwere. Komanso sizoona kuti tilibe ponenera. Tili ndi mawu akuti maganizo. Timati akudwala maganizo, maganizo amuonditsa, anapita ndi maganizo atangoika mkazi wake. Mudzi uliwonse umakumbukira nkhalamba imene inatsatira mnzake patangopita miyezi yochepa, ndipo palibe ankati zimenezo n'zachizungu. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi mawu ofanana m'Chishona, kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Dokotala wa ku Harare, Dixon Chibanda, anamanga pa mawu amenewo ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kuchipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo njira imeneyi inafikanso m'zipatala zina za kuno kwathu. Chimene chinathandiza n'chakuti anthu anafikiridwa ndi mawu amene ankawadziwa kale. Kwa amalume ndi azakhali, nenani kuti achemwali akudwala maganizo. Adzamva.

Mawu oti muwapewe ndi misala, kupenga, kuzungulira mutu. M'makutu mwa anthu ambiri, ukangotchula matenda a m'mutu amaona munthu wovula pamsika, ndipo ukati ku Zomba amaganiza za chipatala cha amisala basi. Mantha amenewa ndi amene amachititsa mabanja kubisa wodwala mpaka zinthu zitafika poipa. Achemwali anu nzeru zawo zili bwinobwino. Akudziwa tsiku, akudziwa ana awo, akudziwa chimene chinachitika. Chawachokera ndi mphamvu ndi chilakolako cha moyo.

Achipatala ali ndi njira yawo yosiyanitsira, ndipo siitalikirana ndi zimene takambazi. Amafunsa ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu wakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lililonse, wosakondwanso ndi zimene ankakonda, wosagona kapena wogonetsa, wosadya, wofooka, wodziona wachabechabe, kapena woganiza kuti kuli bwino atafa. Pali mndandanda wa mafunso 9 wotchedwa PHQ-9 umene unamasuliridwa m'Chichewa ndipo umagwiritsidwa ntchito m'zipatala zina. Palinso vuto lina limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaliika m'buku lake la matenda limene linayamba kugwira ntchito mu 2022: chisoni chokhalitsa, pamene patatha miyezi yosachepera 6 munthu akadali womangika ndi kupukwa womwalirayo moti moyo wake waima, kupyola mmene chikhalidwe cha kwawo chimayembekezera. Mawu omalizawo ndi ofunika. Palibe akunena kuti kulira mwamuna wako chaka chathunthu ndi matenda. Kusiyana kwake kuli apa: wachisoni ululu umamubwerera mwa apo ndi apo, akaona malaya a malemu kapena ikafika nthawi imene ankabwera kuchokera kuntchito, koma pakati pake amatha kuseka mwana akachita zoseketsa, ndipo amalira womwalirayo osadzinyoza yekha. Wodwala maganizo mdima wake suchoka, ndipo amayamba kudziona ngati mtolo kwa ena. Ine sindingathe kuyeza achemwali anu kudzera m'kalata. Koma adokotala amene anawaona aja sanalankhule zopanda pake.

Nanga muziwauza chiyani? Mawu athu opepesera ndi abwino, kungoti ambiri anapangidwira sabata ya maliro. Pepani ndi mawu aakulu. Savomereza kulakwa, amangoti ndaona chimene chakugwerani ndipo chandikhudza. Amenewo satha ntchito, mukhoza kuwanena ngakhale patatha chaka. Limbani mtima ndi ena. Pa tsiku loika maliro amathandiza munthu kuima pamanda osagwa. Patatha miyezi 8, kwa munthu amene wayesa kulimba n'kulephera, amamveka ngati chigamulo choti ndinu ofooka. Osadandaula amatseka pakamwa pamene inu mukufuna patseguke. Madzi akatayika saoleka ndi zoona, koma iwo akudziwa kale, ndipo n'chimene chikuwapweteka. Ganizirani ana amaoneka ngati mawu olimbikitsa, koma mayi amene akudziona kuti walephera kulera amangomva kuti ngakhale abale aona kulephera kwake. Zonse ndi chifuniro cha Mulungu muwasiyire anene okha akafika pamenepo. Kupemphera nawo n'kwabwino ngati akufuna, bola pempherolo lisasanduke ulaliki woti wokhulupirira sataya mtima.

Ndidutsireko pang'ono kwa abambo amene akuwerenga. Mawu akuti mwamuna salira awononga anthu ambiri. Pamaliro timamuika mwamuna panja pamoto, timamupatsa ntchito yothamangira bokosi ndi galimoto, ndipo palibe mphindi imene mwambo umamulola kubuma. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Bambo wofedwa akayamba kunena kuti basi, kapena akayamba kumwa mowa mmene sankamwera, mumve chimodzimodzi ngati mmene ndikukuuzirani za mayiyu.

Chimene chimagwira ntchito ndi mawu ofotokoza zimene mwaona, otsatiridwa ndi funso, kenako kukhala chete. Mwachitsanzo: "Achemwali, ndaona kuti simukudya ndipo kumsika munasiya. Sindinabwere kudzakudzudzulani. Mumtimamu mukumva bwanji masiku ano?" Akayankha kuti ndili bwino, musatsutse, koma musanyamukenso. Tengani lichero musankhe nawo mpunga, nkhani zotere zimatuluka bwino manja akugwira ntchito. Mutchuleni malemu. Ambiri timaopa kuti tikawatchula tiwakumbutsa, ngati kuti anaiwala. Funsani kuti alamu akanakhalapo bwenzi akuti chiyani za mvula ya chaka chino. Akalira, musathamangire kunena kuti tontholani. Kwa munthu amene wakhala duu miyezi yonseyi, misozi ndi nkhani yabwino.

Ndipo pali funso limodzi limene muyenera kulifunsa mosazungulira, ngakhale pakamwa pakulemera. Popeza anena kale kuti zawo zinatha, afunseni: "Kodi pali nthawi imene mumaganiza zochotsa moyo wanu?" Anthu amaopa kuti kufunsa kotere kumaika ganizolo m'mutu mwa munthu. Akatswiri a matenda a maganizo amagwirizana kuti sizitero, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musakuwe, musawauze kuti ndi tchimo kapena kuti achititsa manyazi banja. Nenani kuti zikomo pondiuza, sindikusiyani nokha. Kuyambira pamenepo pakhale munthu wamkulu wogona nawo m'nyumba, muchotse mankhwala a m'munda, a mbewa ndi mapiritsi osungidwa, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chenjeraninso akayamba kugawa zitenje ndi ziwiya zawo, kulongosola za ana ngati munthu wa paulendo, kapena akaoneka opepukidwa mwadzidzidzi popanda chimene chasintha.

Ngakhale atakana kuti alibe maganizo amenewo, kuchipatala mupitebe sabata ino. Zipatala zambiri za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena makilinikala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo inu muli pafupi ndi chipatala cha boma la Machinga pa Liwonde pomwepo. Zikafunika amatumiza ku Zomba Mental Hospital, komwe ena amangoonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kwa owerenga a kwina, ku Queens ku Blantyre, ku Bwaila ku Lilongwe, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli chithandizo chotere. Chithandizo chake ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Mankhwalawo sagwira tsiku limodzi, amatenga masabata angapo, choncho asasiyire panjira poganiza kuti sakuthandiza, ndipo asasiye popanda kuuza adokotala. Pemphaninso kuti awayeze magazi, BP ndi shuga, popeza kuchepa kwa magazi ndi matenda ena a m'thupi amabweretsanso kufooka kotere.

Mukalowa m'chipinda cha adokotala, achemwali anu mwina adzangoti mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya. Sakunama, maganizo amamvekadi m'thupi, ndipo ambiri a ife timaona kuti n'kosavuta kudandaula za mutu kusiyana ndi za mumtima. Koma akangonena zokhazo adzabwerako ndi panado. Muwapemphe chilolezo musanalowe kuti inunso mulankhuleko, ndipo munene momveka: amuna awo anamwalira miyezi 8 yapitayo, anasiya geni mwezi wakuti, akudya mochepa chonchi, akugona chonchi, ndipo mawu amene amanena ndi awa. Mawuwo muwabwereze mmene iwo amawanenera, musawakonze. Azakhali muwapemphe kuti akuperekezeni. Akamva okha mafunso amene adokotala akufunsa, ndi mayankho amene mwana wawo akupereka, sipadzafunikanso kuti inu muwatsutse, ndipo ndi iwo amene angathe kukhala pakhomopo masiku amene inu muli kuntchito.